CHIFUNDO CHIDAPHA NKHWALI: MLANDU WA MULUNGU M'BUKU LA ALBERT CAMUS

Pali funso limodzi limene Mkhristu aliyense pakoleji pano amakumana nalo, kaya m'kalasi, kaya ku kafiteriya, kaya m'chipinda chogona usiku tulo titasowa. Funsolo ndi ili: ngati Mulungu ali ndi mphamvu zonse, ndipo ngati ali wachifundo monga mumaimbira Lamulungu lililonse, nanga bwanji ana osalakwa amafa imfa yowawa? Si funso la dzulo. David Hume adalilemba m'buku limene lidatuluka mu 1779 iye atamwalira kale, ndipo naye adati adalitola kwa Epicurus, mphunzitsi wa nzeru zakuya wa ku Greece wakale. Dostoevsky adaliika m'kamwa mwa Ivan Karamazov mu 1880. Koma mwa alembi onse amene ndawerenga, amene adalinola kwambiri ndi Albert Camus m'buku lake la La Peste, limene ambirife tidaliwerenga m'Chingerezi pa dzina loti The Plague, ndiko kunena kuti Mliri. Ine ndine Mkhristu, ndipo cholinga changa m'nkhani ino ndicho kuteteza chikhulupiriro chakuti Mulungu ndi wachifundo. Bukuli ndimalilemekeza, ndipo ndikupempha Akhristu anzanga kuti aliwerenge. Ganizo langa ndi lakuti Camus adaponya muvi wake mwaluso, ndipo nyama idagwadi. Kungoti imene idagwayo si imene iye ankasaka.

Tiyambe ndi munthuyo. Camus adabadwa mu 1913 ku Mondovi m'dziko la Algeria, limene pa nthawiyo lidali m'manja mwa Afalansa. Bambo ake adafera ku nkhondo mu 1914 iye ali wakhanda, ndipo mayi ake, amene sankamva bwino ndiponso sankadziwa kulemba, adamulera ndi ganyu yokolopa m'nyumba za eni ku Algiers. Ali ndi zaka 17 adagwidwa ndi chifuwa chachikulu, nthenda imene idamuzunza moyo wake wonse mpaka pamene adafa pa ngozi ya galimoto mu 1960. Choncho mavuto sadawaphunzire m'mabuku ayi. Sadalinso mbuli pa za Chikhristu, pakuti pomaliza maphunziro ake pa yunivesite ya Algiers mu 1936 adalemba za Plotinus ndi Augustine Woyera, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene uli pafupi ndi kumene iye adabadwira. Amene akufuna kuzenga naye mlandu adziwiretu kuti munthuyu bwalo ankalidziwa.

Bukuli lidatuluka mu 1947, ndipo lidagulidwanso kwambiri mu 2020 pamene Covid-19 idatsekera anthu m'mizinda yawo. Nkhani yake ikuchitikira ku Oran, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ku Algeria komweko. M'mawa wina mu Epulo, Dokotala Bernard Rieux adaponda khoswe wakufa pamakwerero a nyumba yake. Posakhalitsa makoswe adayamba kufa mazanamazana m'misewu, kenaka anthu adayamba kutentha thupi, kutupa mwanabere m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndi kufa. Akuluakulu a boma adazengereza, koma potsiriza adatseka zipata za mzinda, ndipo zidakhala chitsekere mpaka Febuluwale wa chaka chotsatira. M'ndende imeneyi ndimo mlembi akuyesera mitima ya anthu ake. Tarrou, mlendo wosakhulupirira Mulungu, adasonkhanitsa anthu odzipereka onyamula odwala ndi mitembo. Grand, kalaliki wosauka, ankawerengera akufa tsiku ndi tsiku. Rambert, mtolankhani wa ku Paris, adayesetsa kuthawa kuti akakumane ndi wokondedwa wake, koma mpata utapezeka adasankha kutsala. Ndipo pali Bambo Paneloux, wansembe wa chipani cha Ajezwiti, amene Camus adawapatsa ntchito yoyankhulira Mulungu. Ansembe amenewa adalalika kawiri, ndipo mlandu wonse wagona pa maulaliki awiriwo ndi pa imfa ya mwana imene ili pakati pawo.

Ulaliki woyamba udachitika potseka sabata ya mapemphero, m'tchalitchi chodzaza, kunja kukugwa chimvula. Mfundo yake idali imodzi, yakuti mliri ndi chilango chimene anthu a ku Oran adadziitanira okha pomuiwala Mulungu. Bambo Paneloux adakumbutsa anthu za Farao ndi miliri ya ku Ejipito, nayerekeza nthendayo ndi mtengo umene Mulungu akupunthira tirigu wake kuti mankhusu apatuke. Taonani luso la mlembi pamenepa. Ulaliki wonsewo ukuyenda ndi liwu loti "inu". Wolalika waima pamwamba, wolangidwa wakhala pansi, ndipo pakati pawo pali phompho.

Ulaliki wotere si wachilendo kwa ife. Mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula mapiri ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu oposa 1,000 nataya miyoyo, sitidafunike kupita ku Oran kuti tikamve zoti Mulungu wakwiya ndi machimo athu. Mtima wofuna kuloza chala pa imfa iliyonse tili nawo kuyambira kale. Makolo ankapita kukaombeza maula kuti adziwe amene wadya mwana. Mlaliki wa mtundu wa Paneloux amaombezera pagome, ndipo ula wake umagwera wodwala yemweyo. Ngati Chikhristu n'chimenechi, ndiye kuti Camus wapambana, ndipo ine ndikhala woyamba kumuwombera m'manja.

Koma kodi n'chimenechi? Inde, m'Baibulo muli malo amene mliri ukutchulidwa ngati chilango, monga ku Ejipito kuja. Komatu Baibulo lomwelo lili ndi buku lathunthu limene lidalembedwa kuti ligwetse lamulo lakuti aliyense wovutika ndi wochimwa. Abwenzi atatu a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, adalalikira mnzawo ulaliki woyamba wa Paneloux mutu ndi mutu, ndipo m'mutu 42 Mulungu adawakwiyira chifukwa chonena zosalondola za Iye, nalungamitsa Yobu amene ankadandaula ndi kufunsa mafunso owawa. Yesu naye adaikana mfundoyi kawiri. Pa Yohane 9 ophunzira ake adafuna kudziwa amene adachimwa kuti munthu wina abadwe wosaona, iye mwini kapena makolo ake, ndipo Yesu adakana zonse ziwiri. Pa Luka 13 adatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, nanenetsa kuti sadali ochimwa koposa anzawo a mu Yerusalemu. Tsono nyama imene Camus adagwetsa ndi imeneyi, ndipo idali itavulazidwa kale ndi Malemba eni ake.

Ife Akhristu tiyenera kumuthokoza poimaliza, pakuti nyamayi imadzuka m'badwo uliwonse, ndipo nthawi zina imadzukira mwa aphunzitsi athu akuluakulu. Si mwangozi kuti Camus adawapanga Bambo Paneloux katswiri pa zolemba za Augustine. Augustine, munthu wa nzeru zosakayikitsa, adaphunzitsa kuti makanda omwalira osabatizidwa sapulumuka, ndipo chiphunzitso chimenecho chidaliza amayi osawerengeka. Mu 2007 bungwe la akatswiri a za chikhulupiriro la ku Vatican lidalengeza kuti pali zifukwa zokwanira zoyembekezera chipulumutso cha ana otere. Mpingo sudafike pamenepo posiya Uthenga Wabwino. Udafikapo pouwerenga bwino.

Mlandu sunathere pomwepo, chifukwa mtima wa bukuli uli patsogolo. Kumapeto kwa Okutobala, Dokotala Castel atamaliza kukonza mankhwala atsopano obaya, adawayesa pa kamnyamata, mwana wa woweruza milandu Othon, m'kalasi ya sukulu imene idasandutsidwa chipatala. Mankhwalawo sadamuchize, adangotalikitsa kulimbana kwake. Madokotala awiriwo, Tarrou, Grand, Rambert ndi Bambo Paneloux adasonkhana mozungulira bedi m'mawa umenewo, akuona mwanayo akuphiriphitha, akupindika, akulira kulira kumene odwala ena m'chipindamo adakulandira. Ansembe adagwada napempha Mulungu kuti amupulumutse. Mwanayo adafa. Rieux potuluka adawakalipira ansembewo, kuwakumbutsa kuti mwanayo adalibe tchimo loti alangidwe nalo. Atakumananso panja, Bambo Paneloux adayesa kunena kuti chikondi chiyenera kufika ngakhale pamene nzeru zalephera. Rieux adakana kwamtuwagalu, nati dziko lozunza ana iye sangalikonde.

Masamba amenewa ndi olemera zedi, ndipo Mkhristu amene angawawerenge osatekeseka ali ndi vuto la mtima. Mayankho athu ozolowereka safika pabedi limeneli. Timakonda kunena kuti Mulungu adapatsa munthu ufulu wosankha, ndipo zoipa zimachokera pa kusankha kolakwa. Yankho limeneli likhoza kufotokoza Herode kapena Hitler, koma kachilombo ka mliri, kamene kamayenda m'nthata za makoswe, sikasankha kanthu. Ena amatsata Leibniz, amene mu 1710 adaphunzitsa kuti dziko lino ndilo labwino koposa mwa maiko onse amene Mulungu akadatha kulenga, ndipo choipa chilichonse chili ndi malo ake pa chiwerengero chonse. Chivomezi cha ku Lisbon cha pa 1 Novembala 1755, chimene chidagwetsera matchalitchi pa anthu opemphera pa tsiku la Oyera Onse, chidapatsa Voltaire mpata woseka chiphunzitsochi mu Candide mu 1759, ndipo adachita bwino kuseka. Munthu amene angaime pamaso pa mayi wa mwana uja nayamba kumuwerengera phindu la kuwawako walowa m'gulu la Elifazi.

Nanga tsono chatsala n'chiyani? Ndikuganiza kuti tiyenera kufunsa kuti Mulungu amene waikidwa pabwalo m'bukuli ndi wotani. Rieux mwini akumujambula pocheza ndi Tarrou usiku wina: ndi Mulungu wakumwamba wosatsegula pakamwa, amene munthu wanzeru ayenera kuleka kumuyang'anira kuti agwire ntchito yolimbana ndi imfa. Mulungu ameneyu ife kuno timamudziwa. Nthano ya ku Kaphirintiwa imati Chauta poyamba ankakhala pansi pano pamodzi ndi anthu ndi nyama, mpaka tsiku limene munthu adapeka moto, tchire n'kuyaka. Nyama zidathawa, bilimankhwe adakwera mumtengo, ndipo Chauta, amene sadathe kukwera, adakwezedwa ndi ulusi wa kangaude kupita kumwamba, kumene adalamula kuti munthu azifa. Ndi nthano yakuya, ndipo imanena zoona za mmene munthu wovutika amamvera: moto uli pansi, Mwini wake ali pamwamba. Mulungu wotereyu akamatchedwa wachifundo, Rieux ali ndi chifukwa chokwanira chokwiyira.

Koma uthenga wa Chikhristu umaitembenuza nthanoyi. Umanena kuti Mulungu adatsika moto uli mkati. Nkhani ya kubadwa kwa Yesu pa Mateyu 2 ili ndi ana ophedwa ku Betelehemu ndi amayi olira osatonthozeka, ndipo khanda limene Akhristu amalipembedza likuthawira ku Ejipito ngati wothawa nkhondo wina aliyense. Pa manda a Lazaro Yesu sadalalike za tchimo la womwalirayo, adalira. Pamtanda adafuula funso la Rieux lomwe lija, kufunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira, ndipo kumwamba kudali zii. Ndiye kuti, malinga ndi chimene Akhristu amavomereza, m'kalasi muja mwa ku Oran Mulungu tisamufunefune kudenga; timufunefune pabedi. Ngakhale mawu eni ake akuchitira umboni. Liwu la Chihebri limene limamasuliridwa kuti chifundo, rahamim, limachokera ku rehem, chiberekero cha mayi. Ife amene timawerenga ubale potsata bere sitivutika kumva zimenezi. Mayi sayang'ana ululu wa mwana wake ali patali. Umamupota m'mimba mwake momwe.

Akuluakulu adati chifundo chidapha nkhwali. Nthanoyo tikuidziwa: tchire likupsa, njoka idapempha nkhwali kuti iipulumutse, nkhwali idalola kuti njokayo idzikulunge m'khosi mwake, n'kuuluka nayo kudutsa moto, ndipo itatera, njoka idakana kumasula. Mwambiwu timaunena pochenjeza ana kuti asamachite chifundo mwachibwana. Komabe mkati mwa chenjezolo muli tanthauzo la chifundo lolondola kuposa la Leibniz. Makolo adaona kuti chifundo chenicheni chimaika tsoka la wina pakhosi pako, ndipo chikhoza kukupha. Chimene Chikhristu chimanena n'chakuti Mulungu adaudziwa mwambiwu, adaidziwanso njokayo, nawerama ndithu kuti ikwere. Munthu akhoza kukana kuti zimenezi zidachitika. Koma sangazitche nkhanza, ndipo sangazigwetse ndi mfundo zimene zidakonzedwera Mulungu woonerera.

Wotsutsa wanzeru sangagonje apa. Adzati: Mulungu wolira ali ndi phindu lanji? Ndikapita kuchipatala ndimafuna dokotala wochiza, osati wolira nane. Funsoli n'lolemera, ndipo ndiliyankha pawiri. Poyamba, amene adafedwapo amadziwa kuti kukhala ndi munthu si kanthu kachabe. Pamaliro kwathu anthu sabwera ndi mafotokozedwe. Amabwera ndi nkhuni, ufa ndi mphasa. Amayi amagona m'nyumba ya siwa, abambo amachezera pamoto panja, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu. Palibe mmodzi wa iwo angadzutse womwalirayo, komabe munthu wosapita kumaliro sitimuwerengera pa anthu. Abwenzi a Yobu nawo adayamba bwino: adakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu. Adalakwa pamene adatsegula pakamwa.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, Chikhristu sichithera pa Lachisanu Loyera. Chimanena kuti amene adalowa m'manda adatulukamo, ndi kuti imfa ya mwana wa Othon si mutu wotsiriza wa nkhani yake. Apa tiyerekeze zimene mbali ziwirizi zingapatse mwanayo. Rieux ndi munthu woona mtima, ndipo akuvomera yekha kwa Tarrou kuti nkhondo yake ndi yoti sangaipambane. Akhoza kuthandiza mwana wotsatira. Kwa uyu amene wafa alibe kanthu koma mkwiyo ndi chikumbutso, ndipo kumapeto kwa bukuli akutichenjeza kuti kachilomboko kamangobisala, kudikira tsiku lodzabwerera. Kuchotsa Mulungu sikuchepetsa ululu wa mwana uja ngakhale ndi mphindi imodzi. Kumangotsimikiza kuti ululuwo sudzabwezeredwa. Wina adzati chiyembekezo cha kuuka kwa akufa ndi maloto a anthu amantha. Kufuna kuti chinthu chikhale choona sikuchisandutsa choona, zimenezo n'zomveka. Koma sikuchisandutsanso chabodza, pakuti waludzu amalakalaka madzi, ndipo madzi alipo. Mkangano wa manda opanda kanthu ndi wa tsiku lina. Chimene ndikufuna anzanga aone n'chakuti funso lasintha. Tidayamba ndi lakuti Mulungu wa Akhristu ndi wankhanza. Tafika pa lakuti kodi nkhani ya Akhristu ndi yoona. Camus adazenga mlandu woyambawo, ndipo umenewo sadaupambane.

Pali chitsutso chachitatu, chimene ndimachimva kawirikawiri pakoleji pano. Akuti: taonani Rieux ndi Tarrou, akutumikira odwala popanda Mulungu, ndiye Mulunguyo ngwachiyani? Ine anthu awiriwa sandichititsa manyazi. Pa Mateyu 25 amene akuyamikidwa chifukwa chodyetsa anjala ndi kuzonda odwala akudabwa, pakuti sankadziwa kuti amene ankamutumikira ndi Khristu. Ngati munthu adalengedwa m'chifanizo cha Mulungu wachifundo, tiyenera kuyembekeza kupeza chifundo ngakhale mwa amene amamukana, monga mwana wokana bambo wake amayendabe ndi mphuno ya bamboyo. Koma bukuli likutiphunzitsanso china chimene mlembi sadakonze kutiphunzitsa. Oran udali mzinda wa ku Algeria, ndipo mudali Aluya ambirimbiri. Rambert adabwera kudzalemba za umoyo wawo. Komabe m'buku lonselo mulibe Mluya ngakhale mmodzi amene ali ndi dzina, amene akuyankhula, amene imfa yake tikuiona. Conor Cruise O'Brien adaloza chala pa zimenezi mu 1970, ndipo Edward Said adabwerezanso mu 1993. Sindikunena izi ponyoza Camus, amene mu 1939, ali mtolankhani, adalemba molimba mtima za umphawi ndi njala ya ku Kabylie. Ndikunena kuti ngakhale maso a munthu wachifundo chotere adali ndi malire, ndipo malirewo adagwera pamene atsamunda adawalemba. Buku loimba Mulungu mlandu wokhala chete pa imfa ya mwana wa woweruza lidakhala chete pa imfa za ana a m'makomboni. Ngati chifundo cha munthu ndicho chokhacho chimene chilipo, ana amenewo alibe wowawerenga.

Mlembi adaperewera penanso. Chikhulupiriro chonse adachisenzetsa wansembe mmodzi wophunzira, ndipo Akhristu wamba sadawapatse malo, kupatula ovala zithumwa ndi othamangira maulosi. Koma mbiri ya miliri kumpoto kwa Africa komweko ili ndi nkhani ina. Cha m'ma 250, mliri utagwa ku Carthage, anthu akutaya abale awo odwala m'misewu, bishopu Cyprian adasonkhanitsa mpingo wake naulimbikitsa kusamala odwala onse, ngakhale amene ankauzunza. Ndipo sitiyenera kupita kutali chotero. Camus mwini adavomereza kuti mliri wa m'bukuli ukuimiranso ulamuliro wa Anazi ku Ulaya. Mu Ogasiti 1942 adapita ku France kukapumula chifukwa cha chifuwa chake, nakhala pa malo otchedwa Le Panelier, kumene adapitiriza kulemba bukuli. Makilomita ochepa kuchokera pamenepo pali mudzi wa Le Chambon-sur-Lignon, kumene Akhristu wamba, motsogozedwa ndi Abusa André Trocmé ndi akazi awo a Magda, ankabisa Ayuda, ambiri a iwo ana, m'nyumba ndi m'mafamu awo. Mbale wa abusawo, Daniel Trocmé, amene ankayang'anira nyumba ya ophunzira othawa kwawo, adagwidwa pamodzi ndi ophunzirawo mu 1943, nakafera ku Majdanek mu 1944. Nkhwali ija idali pakhomo pa mlembi, koma m'buku sidalowe. Kuno kwathu, aliyense amene adaonapo amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika akusambitsa wodwala ndi kuchezera pamaliro akudziwa kumene chiphunzitso cha chifundo cha Mulungu chimakhala.

Kunena chilungamo, Camus sadawasiye Bambo Paneloux pa ulaliki woyamba. Adali atalowa kale m'gulu la Tarrou, ndipo imfa ya mwana itawathyola adalalikanso, m'tchalitchi chosadzaza, kunja kukuwomba chimphepo. Liwu loti "inu" lidachoka. M'malo mwake mudalowa "ife". Sadayesenso kufotokoza chifukwa cha mliri. Adasimba za mliri wa ku Marseille, wa mu 1720, kumene mwa amonke 81 a nyumba ina adapulumuka anayi okha, ndipo mwa anayiwo atatu adathawa. Malo a Mkhristu, malinga ndi ulalikiwo, ndi a wachinayi uja amene sadathawe. Ulendo wochoka pa "inu" kufika pa "ife" ndiwo ulendo wa Uthenga Wabwino wonse, ndipo wosakhulupirira uyu adaujambula bwino kuposa alaliki ambiri. Pamene ndikusiyana naye ndi pa mathero. Akuwadwalitsa ansembewo, nawakanitsa dokotala, ngati kuti wokhulupirira weniweni ayenera kugonjera nthenda manja ali m'khosi. Mfundo imeneyi ndi ya mlembi. Mipingo imene idamanga zipatala za Nkhoma, Ekwendeni, Likuni ndi Mulanje Mission siidziwa. Pemphero ndi jakisoni sizidayambanepo.

Mpangankhani amene ine ndimaona kuti akuyankha funso la bukuli sali pagome. Ndi mayi ake a Rieux, gogo wa imvi amene adabwera kudzasamala nyumba mkazi wa dokotalayo atapita kuchipatala cha kutali. M'buku lonse sayankhula mawu ambiri. Amakhala pawindo madzulo, kudikira mwana wawo. Mliri uli pafupi kutha, Tarrou adadwala, ndipo iwo ndi amene adapempha kuti asapite naye ku malo opatula odwala, asamalidwe m'nyumba momwemo. Adakhala pambali pa bedi lake, akuluka, akumuyang'ana, mpaka adatsirizika. Sadafotokoze kanthu, sadachize kanthu, koma sadachoke. Camus, amene mayi ake omubala adali munthu wachete, adaika chikondi chake chonse pa gogo ameneyu, ndipo kaya adazindikira kaya ayi, adajambula chimene Chihebri chimachitcha rahamim.

Funso limene tidayamba nalo silidathe, ndipo silitha. Chikhristu sichidalonjeze kutiuza chifukwa chimene mwana uyu wafera pamene uyo wachira; Yobu mwini adaonana ndi Mulungu, koma chifukwa cha mavuto ake sadauzidwe. Chimene chidalonjeza n'chakuti wovutika sali yekha, kuti ululu wake si chilango choti ife timuwerengere, ndi kuti imfa ilibe mawu otsiriza. Malonjezo atatuwa buku la Camus silidawagwetse, ndipo awiri oyambawo lidawachitira umboni. Kwa anzanga osakhulupirira, pempho langa n'lakuti mukamatsutsa, tsutsani Mulungu wa pamtanda, pakuti wa pa ulusi wa kangaude ife sitikumuteteza. Kwa anzanga okhulupirira, pempho langa n'lolemera koposa. Mliri wotsatira ukadzafika, ndipo Rieux watichenjeza kuti udzafika, mlandu wa chifundo cha Mulungu sudzazengedwa m'magazini muno. Udzazengedwa m'mawodi ndi m'nyumba za siwa, ndipo oweruza adzayang'ana amene wathawa ndi amene watsala. Amene akuona kuti ndamupotoza Camus atenge cholembera. Masamba a kope lotsatira ndi otsegula.